Zolembedwa pa mankhwala ndi mawu a odwala: mafunso ndi mayankho

Mankhwala amafika m'manja mwathu ndi zolembedwa zamitundu itatu: kapepala kopindapinda ka m'bokosi, mawu a pabotolo, ndi manambala amene wopereka mankhwala amalemba ndi bolopeni pakathumba ka pulasitiki. Kwa zaka zambiri zonsezi ankalemba ndi akatswiri, n'kuziwunika akatswiri anzawo, wodwala osafunsidwa. M'mayiko ena zimenezi zinasintha, ndipo kapepala sikaloledwa kulowa m'bokosi anthu wamba asanakayese. Tsamba lino likuyankha mafunso okhudza mmene ntchitoyi imachitikira, zimene odwala anena, ndi zimene zikutikhudza ife.

Kodi wodwala angawauze chiyani anthu amene anaphunzira za mankhwala zaka zambiri?

Za mphamvu ya mankhwala m'thupi, sangawauze zambiri. Koma pali chinthu chimodzi chimene katswiri sangathe kuchita ngakhale atafuna: kuwerenga kapepala ngati munthu amene sakudziwa kale yankho. Wolembayo akaona mawu akuti "kawiri patsiku", m'mutu mwake muli kale m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola 12. Mayi amene wanyamula mwana wotentha thupi, wadikira pamzere kuyambira m'mamawa ndipo akuganiza zoti apeze kabaza dzuwa lisanalowe, alibe zimenezo m'mutu. Amawerenga zimene zalembedwa basi. Pamene iye wakakamira ndi pomwe pali vuto la kapepalako, ndipo palibe wina angaloze malowo koposa iyeyo.

Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula, n'kumaloza wodwala. Mwambiwu ukuwakhudzanso olemba. Amene walemba malangizo a mankhwala osafunsa owerenga ngati akumveka, nayenso ndi safunsa, kungoti phulalo amadya ndi wina.

Ndi kuti kumene anayamba kufunsa odwala, ndipo zinayamba liti?

Njira yoyesera zolembedwa pa mankhwala inakhwimira ku Australia m'zaka za m'ma 1990, ndipo mmodzi mwa anthu amene anailimbikitsa kwambiri ndi David Sless. Ku Ulaya, lamulo loti mankhwala onse azikhala ndi kapepala ka wodwala linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo ku Britain linayamba kugwira ntchito pa mankhwala onse pofika 1999. Timapepalato tinalipo, koma anthu ankadandaula kuti n'tovuta kumva. Choncho mu 2004 mayiko a European Union anawonjezera mfundo yoti kapepala kazisonyeza kuti kanayesedwa pa anthu amene kanalembedwera. Mfundoyi inayamba kugwira ntchito mu 2005. Bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain, MHRA, linali m'gulu la oyamba kuikakamiza, ndipo akatswiri a payunivesite ya Leeds, monga Theo Raynor, anachita zambiri pofufuza mmene odwala amawerengera timapepalati.

Kuyesako kumachitika bwanji kwenikweni?

Si msonkhano wofunsa anthu maganizo awo. Munthu mmodzi amakhala pansi ndi wofunsa, n'kupatsidwa kapepala kenikeni, kosindikizidwa pa pepala ndi zilembo zofanana ndi zimene zidzalowe m'bokosi. Amapatsidwa nthawi yoti akawerenge. Kenako amafunsidwa mafunso pafupifupi 12 mpaka 15, osankhidwa pa mfundo zimene zingamuvulaze munthu akalakwitsa. Funso limakhala ngati ili: tiyerekeze kuti mwaiwala kumwa m'mawa ndipo mwakumbukira madzulo, kapepalaka kakuti muchite chiyani? Kapena: mlongo wanu ndi woyembekezera, kodi angamwe mankhwalawa?

Wofunsa amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba, kodi munthuyo wapeza pamene pali yankho, ndipo wavutika motani kuti apapeze? Chachiwiri, atapapeza, kodi wafotokoza m'mawu akeake zoyenera kuchita? Kuwerenga mokweza chiganizo cha pakapepala sikuwerengedwa kuti wamva.

Malangizo a European Union a mu 2009 amati anthu 90 mwa 100 alionse azitha kupeza mfundoyo, ndipo mwa opezawo, 90 mwa 100 azitha kuimvetsa. Popeza nthawi zambiri amayesa anthu 20, m'magulu awiri a anthu 10, ndiye kuti anthu osachepera 16 ayenera kukhoza, ndipo izi ndi pa funso lililonse palokha. Funso limodzi likalephereka, olemba amakonza chiganizocho, kapena kusuntha mfundoyo, kapena kusintha mutu wake, n'kuyesanso pa anthu ena. Madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito m'mafamase saloledwa kukhala m'gulu la oyesedwa. Amafunika anthu ngati amene adzamwe mankhwalawo, makamaka achikulire ndi amene sawerengawerenga pa ntchito yawo.

Chimene ndimachikonda pa njirayi n'choti munthu amauzidwa poyamba kuti amene ali pa mayeso si iyeyo, ndi kapepalako. Akalephera kuyankha, cholakwa chimalembedwa pa kapepala. Anthu 20 angaoneke ochepa, koma cholinga si kuwerengera dziko lonse. Chiganizo chosokoneza sichichedwa kuonekera: anthu atatu kapena anayi akakakamira pamalo amodzimodzi, mwadziwa kale poyenera kukonza.

Bwanji osangofunsa wodwala kuti "mwamva?"

Chifukwa yankho limakhala "eya" pafupifupi nthawi zonse. Munthu amayankha choncho mwaulemu, kapena poopa kuoneka wosaphunzira, kapena chifukwa kumbuyo kwake kuli mzere wautali. Nthawi zina amakhulupiriradi kuti wamva.

Kafukufuku wina wa ku United States, amene Terry Davis, Michael Wolf ndi anzawo anasindikiza mu 2006, anaonetsa izi poyera. Anapatsa odwala 395 mabotolo okhala ndi malangizo wamba, ndipo pafupifupi theka analakwitsa malangizo a botolo limodzi kapena angapo. Pa malangizo akuti munthu amwe mapilitsi awiri kawiri patsiku, mwa anthu ovutika kuwerenga, pafupifupi 71 mwa 100 anatha kunena malangizowo molondola. Atauzidwa kuti atulutse m'botolo mapilitsi amene angamwe tsiku lonse, amene anatulutsa anayi anali pafupifupi 35 okha mwa 100. Pakamwa zinali bwino, m'manja zinalakwika. Zotsatira ngati zimenezi n'zimene zinachititsa kuti akatswiri kumeneko ayambe kulimbikitsa kulemba motchula nthawi: "Imwani awiri m'mawa, ndi awiri madzulo." Chiganizocho n'chachitali pang'ono, koma sichimusiyira wodwala masamu.

Odwala akapatsidwa mpata, amadandaula chiyani kawirikawiri?

Zilembo zing'onozing'ono ndi dandaulo loyamba, makamaka kwa achikulire, amenenso ndiwo amamwa mankhwala ambiri. Pepala limakhala lopyapyala moti zolembedwa kuseri zimaonekera. Mawu achipatala amangosiyidwa osafotokozedwa. Mfundo yofunika kwambiri, monga yonena za anthu amene sayenera kumwa mankhwalawo n'komwe, imakwiririka pakati pa mfundo zina zosafunika kwenikweni. Ambiri amanenanso kuti kapepala kamauza munthu choti asachite koma osamuuza chifukwa chake, ndipo lamulo lopanda chifukwa silichedwa kuiwalika.

Dandaulo lina ndi lakuti kapepala kamadzaza ndi zoopsa, koma za ubwino wa mankhwalawo kamangonena mzere umodzi. Munthu wa BP, amene samva kupweteka kulikonse, akawerenga mndandanda wautali wa zovuta popanda womuuza kuti mapilitsiwo akumuteteza ku sitiroko, n'zosadabwitsa akawasiya m'kabati. Mu 2017 European Commission inatulutsa lipoti lovomereza kuti timapepala ta ku Ulaya tikadali ndi zofooka, ndipo linati odwala azitengapo mbali kwambiri pokonza. Ndiye kuti ngakhale kumene amayesa, ntchito sinathe.

Ndikawerenga mndandanda wa zovuta zobwera ndi mankhwala ndimachita mantha. Kodi zonsezo zidzandichitikira?

Ayi. Kampani imakakamizidwa kulemba zovuta zonse zodziwika, ngakhale zimene zinaoneka mwa anthu ochepa kwambiri. Timapepala ta ku Ulaya timaziika m'magulu asanu: zochitikira anthu oposa mmodzi mwa 10, zochitikira mpaka mmodzi mwa 10, mmodzi mwa 100, mmodzi mwa 1,000, ndi mmodzi mwa 10,000. Poyamba magulu amenewa ankangotchulidwa ndi mawu monga "kawirikawiri" kapena "mwa apo ndi apo". Kafukufuku wa Dianne Berry, Peter Knapp ndi Theo Raynor, wosindikizidwa mu 2002, anapeza kuti anthu akangomva mawu okha amakulitsa kwambiri chiopsezocho: vuto limene olemba ankatanthauza kuti limagwira munthu mmodzi mpaka 10 mwa 100, owerenga ankaliyesa kuti limagwira pafupifupi theka la odwala. N'chifukwa chake lero mawuwo amayendera limodzi ndi manambala.

Mukaona "mmodzi mwa 100", kumbukiraninso 99 enawo. Ndipo funani kaye gawo limene likunena zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala, monga kutupa nkhope ndi milomo, kubanika, zilonda m'kamwa ndi pakhungu, kapena maso achikasu. Kapepala kolembedwa bwino kamaika zimenezi pamwamba, pazokha, chifukwa odwala oyesedwa ankalephera kuzisiyanitsa ndi zovuta zazing'ono zikasakanizidwa.

Palinso zosintha m'thupi zosaopsa zimene zimangofunika kuchenjezeratu. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amafiiritsa mkodzo, thukuta ndi misozi. Munthu amene sanauzidwe amaganiza kuti akukodza magazi ndipo akhoza kusiya mankhwala. Mzere umodzi womveka bwino umaletsa zimenezo.

Pali mankhwala amene mawu a odwala anasinthadi zolembedwa zake?

Chitsanzo chachikulu ndi sodium valproate, mankhwala a khunyu amene amagwiritsidwanso ntchito pa matenda ena a maganizo. Mayi akamamwa mankhwalawa ali woyembekezera, pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 amabadwa ndi chilema, ndipo ana 30 mpaka 40 mwa 100 amakhala ndi vuto la kakulidwe, monga kuchedwa kulankhula ndi kuvutika kuphunzira. Akatswiri ankadziwa za chiopsezo cha zilema kwa zaka zambiri. Amayi ambiri ku Britain ndi ku France sanauzidwe. Ndi amayi omwewo, ana atabadwa kale, amene anapanga magulu n'kuyamba kugogoda pa zitseko za aphungu ndi mabungwe a mankhwala.

Pa 26 September 2017, bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya, European Medicines Agency, linachititsa ku London msonkhano wake woyamba womvera anthu wamba poyera, ndipo nkhani yake inali valproate. Amayiwo ananena kuti chenjezo limene linali m'mabuku a madokotala silinkawafika. Mu 2018 malamulo anakhwimitsidwa: chenjezo linaikidwa pabokosi penipeni, panabwera kakhadi kopatsa wodwala, ndipo mtsikana kapena mayi amene angathe kutenga pakati sayenera kupatsidwa mankhwalawa popanda dongosolo la kulera ndi kukambirana naye mokwanira. Mu July 2020, kafukufuku wa boma la Britain wotsogoleredwa ndi Baroness Cumberlege anatsimikiza kuti madandaulo a amayi ananyalanyazidwa kwa zaka zambiri.

Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa chidziwitso chinalipo. Chimene chinasowa ndi kuchifikitsa kwa mwini thupi. Valproate amapezekanso m'zipatala za kuno. Ngati mukumwa ndipo mungathe kutenga pakati, musasiye nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka koopsa. Pitani mukakambirane ndi a dokotala mwamsanga.

Kuno kwathu kapepala sitikaona n'komwe. Zimenezi zikutikhudza bwanji?

N'zoona. M'zipatala zambiri za boma mapilitsi amachokera m'chitini chachikulu n'kuwerengedwera m'kathumba, ndipo kapepala kamodzi kamene kanabwera ndi chitinicho kamatsala kufamase. Mukagula bokosi lathunthu, kapepala kake kamakhala ka Chingelezi, nthawi zina ndi Chifalansa kapena Chipwitikizi, ndipo kawirikawiri kamakhala kolembera dokotala osati wodwala. Choncho zolembedwa zathu zenizeni ndi kathumba kaja, ndi zimene zalembedwa m'buku la kuchipatala. Zimenezo n'zimene zikufunika kuyesedwa.

Taganizirani "2 x 3". Kwa wolembayo ndi mapilitsi awiri katatu patsiku. Kunyumba, wina angawerenge kuti atatu kawiri, wina kuti awiri kwa masiku atatu. Zidule za m'buku monga bd (kawiri patsiku), tds (katatu patsiku) ndi nocte (usiku) zinapangidwira ogwira ntchito m'chipatala, koma wodwala akaiwala zimene anauzidwa amatsegula buku lomwelo. Nanga malangizo akuti "mukatha kudya, katatu patsiku" amatanthauza chiyani m'mwezi wa February, pakhomo pamene akudya kamodzi? Ena amadumpha mankhwala poopa kumwa m'mimba mopanda kanthu. Wolemba amene sanafunse odwala sangadziwe kuti funsoli liripo, pomwe yankho lake limasiyana: mankhwala ena amafunadi chakudya, ena angathe kumwedwa popanda.

LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar monga mankhwala oyamba a malungo m'Malawi mu 2007, ndi chitsanzo chabwino cha zonse ziwiri, zokoma ndi zotsalira. Paketi yake inakonzedwa moganizira wodwala: mapilitsi anagawidwa m'zigawo 6, pali zithunzi zosonyeza nthawi, ndipo mapaketi amasiyana malinga ndi kulemera kwa munthu, kuyambira pilitsi limodzi pa nthawi kwa mwana wamng'ono mpaka anayi kwa wamkulu. Komabe pali mfundo zimene zimathawa. Mlingo wachiwiri umamwedwa patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala lotendera. Ndipo thupi likazizira pa tsiku lachiwiri, otsalawo si osungira m'bale amene adzadwale mawa. Ndani anakhalapo pansi ndi amayi 20 n'kuwapempha kuti asonyeze ndi manja nthawi imene apereke mlingo wachiwiri ngati woyamba waperekedwa 11 koloko m'mawa? Funso lotere ndi lotsika mtengo, ndipo chipatala chilichonse chingathe kulifunsa.

Chitsanzo china chili pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene anthu ambiri m'Malawi anayamba kulandira kuyambira 2019. Mapilitsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo, komanso a calcium, amachepetsa kulowa kwa dolutegravir m'thupi akamwedwa pamodzi m'mimba mopanda chakudya. Mayi amalandira awa pakhomo lina, awo pakhomo lina, ndipo pa tithumba tonse tiwiri palibe mawu onena za kanzake. Ngati mukumwa onse awiri, funsani a namwino kuti akuuzeni nthawi yoyenera ya aliwonse.

Kodi zithunzi sizingathetse vutoli kwa amene sadziwa kuwerenga?

Zimathandiza, koma nazonso zimafuna kuyesedwa. Ros Dowse ndi anzake a payunivesite ya Rhodes ku South Africa akhala akuyesa zithunzi za mankhwala kwa zaka zambiri pa anthu olankhula Chixhosa amene sanapite patali ndi sukulu. Anapeza kuti zithunzi zambiri zochokera ku United States sizinkamveka bwino poyerekeza ndi zimene zinajambulidwa mofunsa anthu a komweko, ndiponso kuti chithunzi chimagwira ntchito bwino wina akachifotokoza pakamwa nthawi yoyamba. Chithunzi ndi chokumbutsa, si cholowa m'malo mwa kulankhula. Pa tithumba tina pamakhala dzuwa lotuluka, la pamutu, lolowa, ndi mwezi. Dzuwa lotuluka ndi lolowa amaoneka ofanana kwa munthu amene sanauzidwe kuti ayambire kumanzere.

Bwanji osangomasulira timapepala tonse m'Chichewa?

Kukhala ndi malangizo m'chilankhulo chathu n'kofunika, ndipo ku South Africa malamulo amafuna kuti kapepala ka wodwala kakhale m'Chingelezi ndi m'chilankhulo china chimodzi chovomerezeka. Koma kapepala kosokoneza kakamasuliridwa mawu ndi mawu kamangosanduka kapepala kosokoneza ka Chichewa. Kamafunika kulembedwa mwatsopano, ndi anthu odziwa mankhwala pamodzi ndi odziwa mmene anthu amalankhulira, kenako n'kuyesedwa ku Dedza, ku Mulanje, ku Chipata. Kwa ambiri a ku Mzimba kapena ku Mangochi, Chitumbuka kapena Chiyao n'chimene chingawafike pamtima. Muyeso nawo uyenera kulembedwa mosamala: "supuni imodzi" si muyeso, chifukwa masupuni a m'nyumba amasiyana kukula. Mankhwala amadzi a ana azilembedwa mu ml, ndipo kholo lisonyezedwe mzere wake pa kachikho kapena pa sirinji yoyezera.

Ndingakanene kuti ngati zolembedwa pa mankhwala anga n'zosamveka, kapena mankhwala andipweteka?

Yambani pamene munalandira mankhwalawo. Auzeni mwachindunji chiganizo kapena nambala imene inakusokonezani, ndi mmene inu munaimvera. "Sindinamve" sathandiza kwambiri. "Ndinkamwa atatu kawiri chifukwa ndinawerenga chonchi" amathandiza, chifukwa akuloza chofunika kukonza. Alangizi a zaumoyo, makomiti a pachipatala ndi ofesi ya ombudsman (wolandira madandaulo) wa pachipatala, kumene ilipo, ndi njira zina zofikitsira mawu anu. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimathandiza pa mafunso a zaumoyo mukakhala kutali ndi chipatala.

Zolembedwa pa mabokosi ndi malipoti a zovuta zobwera ndi mankhwala zimayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ku Zambia ndi ZAMRA, ku South Africa ndi SAHPRA, ku Zimbabwe ndi MCAZ. Amene muli ku Britain mungatumize lipoti nokha kudzera pa Yellow Card ya MHRA, imene inayamba mu 1964 pambuyo pa tsoka la thalidomide, mankhwala amene anachititsa ana ambiri kubadwa ndi zilema, ndipo inatsegulidwa kwa odwala mu 2005. Kumeneko mulinso ndi ufulu wopempha kapepala ka zilembo zikuluzikulu, komvetsera, kapena ka zilembo za osaona.

Nanga ndikakhala pawindo la mankhwala mawa, ndichite chiyani?

Musachoke musanabwereze malangizo m'mawu anu: "Ndiye mukuti ndimwe awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo, kwa masiku asanu?" Zimatenga kamphindi, ndipo ngati pali cholakwika chimaonekera pomwepo. Pemphani kuti dzina la mankhwala lilembedwe pa kathumba kalikonse, chifukwa mapilitsi oyera ozungulira ndi ambiri. Funsani kuti ndi a chiyani, mumwe mpaka liti, muchite chiyani mukaiwala kapena mukasanza, ndi zizindikiro ziti zofunika kubwerera nazo msanga. Nenani ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa, muli pa njira yolera, kapena mukumwa mankhwala ena, kuphatikizapo azitsamba. Ngati mukulandirira gogo kapena mwana amene amamwetsedwa ndi munthu wina, pemphani kuti alembe nthawi m'mawu athunthu, kuti womwetsayo asadalire zimene inu mwakumbukira.

Kwa inu amene mumapereka mankhwala, mzere ukatalika sizingatheke kuchita izi ndi aliyense. Sankhani amene ali pa chiopsezo chachikulu: woyamba kumene mankhwala, wolandira mitundu yoposa itatu, ndi kholo la mwana wakhanda. Apatseni kathumbako m'manja muwapemphe kuti akuonetseni mapilitsi amene amwe usiku uno.